Mkazi wa m'buku ndi mkazi wa kwathu: zoyenera ndi zosayenera kwa ophunzira Chingerezi

Mwana wa ku Ntengo wa Mbalame, ku Furancungo kapena ku Chidzolomondo akamakwera galimoto kupita ku yunivesite kukaphunzira Chingerezi, amakhala atasenza kale zilankhulo ziwiri. Chichewa, chimene pa mapepala a boma la Mozambique chimalembedwa kuti Cinyanja, anachita kuyamwira. Chipwitikizi anachipeza pa bolodi. Chingerezi nachonso si mlendo kwenikweni kumapiri kuno. Chimalowa ndi wailesi za ku Malawi, chimamveka pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off pamene anthu akutsatsana mbatata ndi kabichi, ndipo makolo ambiri anachiphunzira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene anathawira nkhondo isanathe mu 1992.

Akafika ku Tete kapena ku Chimoio, kumene kuli Universidade Púnguè imene inabadwa mu 2019 kuchokera ku nthambi za Universidade Pedagógica, kapena akapitirira mpaka ku Beira ndi ku Maputo, amakumana ndi liwu limene kumudzi sanalimvepo likutchulidwa mwaulemu: feminizimu. Ndaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwanga akabwera ku tchuthi amandichezera. Ndamva zimene amanena. Anyamata ambiri amati, "Zimenezo ndi za azungu, zongopasula mabanja." Ena amabwera atatentheka n'kumati, "Kwathu kuno akazi ndi akapolo basi." Atsikana ambiri amayamba ngati akupepesa: "Ine sindine feminisiti, koma..." Zimene zimatsatira "koma" ameneyo kawirikawiri zimakhala zanzeru kuposa zonse zimene zanenedwa tsikulo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti onsewa akulimbana ndi liwu, mkazi wa m'bukumo ataima poteropo popanda womuyang'ana. Ambiri mwa inu mudzabwerera kuno kudzaima kutsogolo kwa ana athu. N'chifukwa chake ndalemba izi.

Poyamba kuwerenga

Zoyenera: Werengani buku lonse, ndipo mkazi aliyense mumufunse mafunso a kumudzi. Amalima munda wa yani? Akagulitsa, ndalama amasunga ndani? Akadwala amathawira kwa yani? Tengani Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, imene inatuluka mu 1988. Tambu akuchotsedwa pasukulu chifukwa ndalama zilipo za mwana mmodzi, ndipo mwanayo ndi Nhamo, mlongo wake. Iye akupempha mbewu, akulima kamunda kake ka chimanga kuti adzilipirire yekha. Chimanga chitakhwima, Nhamo akuba mondokwa n'kumagawira anzake. Mwana wa ku Tsangano safunika womasulira pamenepa. Amadziwa kulemera kwa khasu m'mawa kusukulu kusanayambe, amadziwanso mtsikana amene anatsala pakhomo kuti mchimwene wake apitirire. Mukawerenga mpaka apo mumamvetsa chifukwa chake Tambu sanalire Nhamo atamwalira. Mukapitirira mumapeza Maiguru, mayi wa digiri ya masitala amene malipiro ake sawagwira m'manja, Lucia wosaphunzira amene amayankha amuna pabwalo, ndi Nyasha amene thupi lake likukana chakudya chifukwa pakamwa pake patsekedwa. Akazi asanu, kuphatikizapo mayi a Tambu, pabanja limodzi, ndipo palibe awiri ofanana.

Zosayenera: Musayambe ndi chidule cha pa intaneti chimene mwawerenga pafoni usiku woti mawa mayeso. Chidule chimakupatsani mawu akuluakulu, nkhanza, kuponderezedwa, ufulu, ndipo inu mumawathira pa mpangankhani aliyense ngati feteleza wa mtundu umodzi m'minda yonse. Ndawerengapo ntchito ya wophunzira imene inatchula kuponderezedwa kakhumi pa tsamba limodzi koma osatchula chimanga cha Tambu ngakhale kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Buku likalembedwa ndi mwamuna

Zosayenera: Musasokoneze mawu a mpangankhani ndi mtima wa mlembi. Pa Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya mu 1958, ophunzira amagwa mbali ziwiri. Anyamata ena amamukonda Okonkwo mpaka kumuyesa chitsanzo cha mwamuna weniweni wa ku Africa. Ena amati Achebe ankanyoza akazi chifukwa Okonkwo amawanyoza. Onsewa sanaone kuti bukulo likumuweruza Okonkwo tsamba ndi tsamba. Atamenya Ojiugo, mkazi wake wamng'ono, mu sabata ya mtendere, wansembe wa Ani, mulungu wamkazi wa nthaka, anamulipiritsa. Atapha munthu mwangozi, kumene anakabisala zaka zisanu ndi ziwiri ndi ku Mbanta, kwawo kwa amayi ake, ndipo amene anamudzudzula kumeneko ndi malume ake, Uchendu. Kuopa kuoneka ngati mkazi ndi kumene kunamuphetsa Ikemefuna, mnyamata amene ankamulera, kunamutayitsa Nwoye, mwana wake, kenaka kunamutengera ku chingwe.

Zoyenera: Yang'anani m'mphepete mwa nkhani, kumene mlembi anadutsa mofulumira. Ekwefi anathawa mwamuna wake woyamba n'kudzipititsa yekha kwa Okonkwo. Anabereka ana khumi, asanu ndi anayi n'kuwaika m'manda. Usiku umene Chielo, wansembe wamkazi, anabereka Ezinma, mwana yekhayo wotsala wa Ekwefi, kumbuyo n'kulowa naye mumdima, Ekwefi anamutsatira yekha mpaka kuphanga, ngakhale analetsedwa m'dzina la mulungu. Kulimba mtima kumeneko n'kwakukulu kuposa kugwetsa munthu pa masewera olimbana. Chielo nayenso muoneni bwino: masana ndi mayi wamasiye wogulitsa pamsika, koma mzimu ukamugwira, Okonkwo amene amanjenjemera. Inu a kuno muli ndi pomumvetsera, pakuti makolo athu anali ndi Makewana ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama amene amalekanitsa Malawi ndi Tete, mayi amene mafumu ankamutumizira mphatso popempha mvula.

Mukatero, musaope kunenanso kuti Achebe anawapatsa malo ochepa amayiwa. Zimenezo n'zoona, ndipo wofufuza Florence Stratton anazilemba momveka mu 1994. Achebe mwiniwake, pofika pa Anthills of the Savannah mu 1987, anaika Beatrice pakati pa nkhani. Kulemekeza mlembi wamkulu sikuletsa kumufunsa.

Za mbumba ndi chikamwini

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ana athu amataya chuma chimene anzawo a ku Lagos kapena ku London alibe.

Zoyenera: Lowani m'kalasi ndi mudzi wanu. Mabuku ambiri amene mumawerenga amachokera kwa anthu amene ana ndi a kwa bambo: Aigbo a Achebe ndi Buchi Emecheta, Ashona a Dangarembga, anthu a kumwera kwa Mozambique. Kumeneko mkazi amachoka kwawo atamulipirira, ndipo banja likatha amabwerera chimanjamanja, ana n'kutsala. M'midzi yambiri ya Achewa ku Macanga zinthu sizili choncho. Mwamuna ndiye amasamuka kukakhala chikamwini. Munda ndi wa kuchikazi. Ana ndi mbumba ya malume awo. Ukwati ukatha, amene amamanga katundu ndi mwamuna. Ngakhale kumene kuli chitengwa, mkazi amadziwa kuti kwawo malo ake alipo. M'mbiri yathu, ufumu wa Kalonga unkadzera mwa Nyangu, ndipo akuluakulu amasimba kuti mfumu Undi pochoka kukakhazikika ku Mano, m'dera limene lero ndi Tete, anatenga Nyangu, chifukwa popanda iye sipakanabadwa mafumu. Ku Tsangano, kumene Angoni ndi Achewa anasakanikirana kuyambira m'zaka za m'ma 1800, mudzapeza makhalidwe awiriwa atayandikana, mwina m'banja limodzi. Funsani agogo anu kuti anakwatiwa motani, kenaka muyerekeze ndi Nnu Ego wa m'buku la Emecheta kapena mayi a Tambu. Kuyerekeza kumeneko ndi maphunziro a pa yunivesite enieni, ndipo mphunzitsi wanu, kaya ndi wa ku Maputo kaya wa kunja, adzaphunzira kwa inu.

Zosayenera: Musatenge chithunzi cha m'buku la ku Nigeria n'kuchimata pa amayi anu ngati kuti Africa yense ndi mudzi umodzi.

Zosayeneranso, ndipo izi n'zimene ndimamva kwambiri kwa anyamata: musanene kuti, "Kwathu akazi ndi eni mudzi, ndiye nkhani imeneyi sikutikhudza." Munda ungakhale wa mayi, koma pabwalo amayankhula ndani? Mwinimbumba ndi mwamuna. Ankhoswe amene amamva mlandu wa banja kawirikawiri ndi amuna. Ku Macanga fodya amadya thukuta la banja lonse: mayi amathirira nazale, amabzala, amathyola, amasoka, amasankha masamba mpaka usiku. Koma pitani mukaone kuti pa pepala la mgwirizano ndi ogula fodya palembedwa dzina la yani, ndipo tsiku lolandira ndalama amapita ndani. Mabanja ena amakhala pansi n'kugawa bwino, ndipo ndimawalemekeza. Ena ndalama imathera ku Furancungo isanafike pakhomo, ndipo anthu amangoti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Kukhala mwini nthaka n'kwina, kukhala mwini mawu n'kwinanso. Wophunzira amene waona kusiyana kumeneku wapeza mutu wa monografia yake, ntchito yomalizira digiri.

Akazi a dziko lathu analemba

Zosayenera: Musaganize kuti nkhani ya ufulu wa amayi inafika ndi Chingerezi. Chaka chilichonse pa 7 Epulo dziko lonse limakumbukira Josina Machel, amene anamwalira tsiku limenelo mu 1971. Gulu la asilikali aakazi la Frelimo, Destacamento Feminino, linayamba mu 1967, ndipo bungwe la amayi la OMM mu 1973. Noémia de Sousa ankalemba ndakatulo zake cha m'ma 1950, asanabadwe aphunzitsi anu ambiri. Luísa Diogo, amene anakhala nduna yaikulu ya dziko kuyambira 2004 mpaka 2010, ndi mwana wa Tete. Amene akukuuzani kuti zonsezi n'za azungu mufunseni kuti amayiwa anali azungu a kuti.

Zoyenera: Ngakhale digiri yanu ili ya Chingerezi, werengani Paulina Chiziane. Anabadwira ku Manjacaze, ku Gaza, mu 1955. Buku lake la Balada de Amor ao Vento, la mu 1990, ndi nkhani yaitali yoyamba kusindikizidwa yolembedwa ndi mayi wa ku Mozambique, ndipo mu 2021 anakhala mkazi woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Camões. Niketche, ya mu 2002, David Brookshaw anaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha The First Wife, ndipo inatuluka mu 2016. Inu muli ndi mwayi woika mabuku awiriwa pambali n'kuona zimene zinatayika pomasulira.

Rami, mkazi wa ku mpingo wa mkulu wa apolisi dzina lake Tony, atatha zaka makumi awiri m'banja akutulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena anayi ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko. Poyamba akupita kukamenyana nawo. Kenaka akuwasonkhanitsa, akukakamiza Tony kuwavomera poyera pamodzi ndi ana awo, akuwabwereketsa ndalama zoyambira geni, ndipo mmodzimmodzi akuima paokha mpaka kumusiya. Tony atayesedwa kuti wamwalira, abale ake akulanda katundu wa Rami n'kumuchititsa mwambo umene kumwera amati kutchinga, wofanana ndi kulowa kufa. Kodi bukuli likuyamikira mitala kapena likuitsutsa? Kanganani, pakuti yankho silili pa tsamba limodzi. Chimene chimandikoka mtima ine n'chakuti akazi a kumpoto, amene anavinidwa, ndi amene akuphunzitsa Rami wa kumwera zinthu zimene sukulu ndi tchalitchi sizinamuuze.

Pamenepa pali mbiri yofunika. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Frelimo inalimbana ndi chinamwali, malowolo ndi mitala, ikunena kuti zimabwezera amayi m'mbuyo. Signe Arnfred, wofufuza wa ku Denmark amene anayenda ndi OMM pokonzekera msonkhano wake waukulu wa mu 1984, anapeza kuti amayi ambiri a kumpoto ankateteza chinamwali, chifukwa kutsimba ndi kumene amayi ankalamula okha. Anazilemba m'buku lake la mu 2011. Choncho musanalembe kuti chinamwali ndi nkhanza basi, kapena kuti ndi mwambo wosafunsidwa, khalani pansi ndi anamkungwi. Mudzamva malangizo oteteza mtsikana, mudzamvanso ena omuuza kuti azipirira zosapiririka. Zonse ziwiri mulembe.

Liwu lenilenilo

Zoyenera: Dziwani kuti amayi olemba a ku Africa akhala akukangana okhaokha za liwu limeneli. Buchi Emecheta anati ngati ali feminisiti, ndiye wa chilembo chaching'ono. Alice Walker wa ku America anatchukitsa liwu lakuti womanism mu 1983 pofuna kuti amayi akuda asamezedwe. Molara Ogundipe-Leslie anapanga lake, stiwanism, mu 1994. Obioma Nnaemeka mu 2004 analemba za feminizimu ya kukambirana ndi kunyengererana, imene amayi a kumudzi amaidziwa bwino. Chimamanda Ngozi Adichie, m'mawu amene anayankhula ku London mu 2012, analitenga liwulo lonse osachotsako kanthu. Sankhani pamene mukuima, ndipo mukhale ndi zifukwa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: kalandireni, koma kumeta mumete mutu wanu.

Zosayenera: Musalisandutse chitukwano chotsekera mtsikana pakamwa akakuposani mfundo. Musalisandutsenso chovala cha mu tauni chonyozera amayi anu amene amagwada popereka madzi. Mayi ameneyo mwina ndi amene anagulitsa matumba a mbatata kuti inu mukwere galimoto yopita ku Tete.

Wotsala ndi wochoka

Zosayenera: Lekani kugawa ampangankhani aakazi m'makola awiri, "wolimba" ndi "wofooka", wochoka m'banja n'kumupatsa mamalikisi, wotsala n'kumulephetsa. Mariama Bâ wa ku Senegal analemba So Long a Letter, imene inatuluka m'Chifalansa mu 1979 n'kulandira mphoto ya Noma mu 1980, ngati kuti ankadziwa kuti owerenga adzachita zimenezi. Aissatou, mwamuna wake atatenga mkazi wachiwiri, anachoka ndi ana ake, anaphunzira, anakagwira ntchito ku America. Ramatoulaye, mphunzitsi komanso mayi wa ana khumi ndi awiri, anatsala pamene mwamuna wake Modou anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo. Koma Ramatoulaye yemweyo, maliro a Modou atatha, anakana Tamsir, mchimwene wa malemuyo, amene ankafuna kumulowa chokolo, anakananso Daouda Dieng amene ankamukonda moona. Aissatou sanamunyoze mnzakeyo chifukwa chotsala. Anamugulira galimoto.

Zoyenera: Funsani kuti aliyense anali ndi njira zingati, ndipo iliyonse inali ya mtengo wanji. Mu The Joys of Motherhood ya Emecheta, ya mu 1979, Nnu Ego anachita zonse zimene anauzidwa kuti mkazi wabwino amachita. Anabereka, anapirira njala ya ku Lagos, anadzimana kuti anyamata ake aphunzire. Anafera yekha m'mbali mwa msewu, ana ake ali kutali, kenaka anamuchitira maliro aakulu. Adaku, mkazi mnzake, anachoka, anthu anamunena, koma anaphunzitsa ana ake aakazi. Emecheta sakutiuza kuti Nnu Ego anali wopusa. Akutifunsa ife amene timati banja ndi kupirira kuti wopirirayo timamubwezera chiyani akadali moyo.

Lolaninso mkazi wa m'buku kukhala wolakwa. Lady Macbeth anakankhira mwamuna wake ku mpeni. Mayi a Kambili mu Purple Hibiscus ya Adichie, ya mu 2003, anathira mwamuna wawo chiphe mu tiyi atamenyedwa zaka zambiri mpaka kupita padera. Musawayeretse, musawasandutsenso mfiti. Munthu wathunthu amachimwa, ndipo mlembi amene walola mkazi kuchimwa wamuyesa munthu.

Amene watsekeredwa m'chipinda

Zoyenera: Mkazi mmodzi akamasuka m'nkhani, yang'anani amene wamunyamula. Jane Eyre, ya Charlotte Brontë ya mu 1847, imatha Jane atapeza chuma ndi banja, koma m'chipinda cha pamwamba munali Bertha, mkazi woyamba wa mwamuna wa Jane, wochokera ku Jamaica, wotsekeredwa ngati nyama. Jean Rhys anadzamupatsa mawu ndi ubwana wake mu Wide Sargasso Sea mu 1966. Mu Nervous Conditions muli Anna, mtsikana wantchito, amene anayamba kugwadira Tambu tsiku limene Tambu anafika ku mishoni.

Zosayenera: Musadzaiwale Anna mukadzayamba kulandira malipiro. Ndikunena kwa inu atsikana makamaka. Mudzafuna wolera mwana, ndipo mudzatumiza uthenga kumudzi kuti akupezereni kamtsikana. Kamtsikanako kali ndi zaka zingati, ndipo sukulu yake ithera pati?

Pokambirana m'kalasi

Zoyenera: Achimwene, mnzanu wamkazi akayamba kufotokoza, mudikireni amalize. Inu achemwali, chotsani kupepesa koyambirira kuja, nenani mfundo yanu ndi tsamba limene mwaipeza.

Zosayenera: Musamufunse mtsikana mmodzi kuti ayankhire akazi onse a padziko, ndipo mnyamata amene wafunsa funso moona mtima musamuyese mdani. Ndaonapo anyamata akusintha maganizo chifukwa cha Nhamo, atadzizindikira okha mwa iye, popanda wowakalipira.

Mabuku osalembedwa

Zosayenera: Musaganize kuti zolembalemba zimathera pa shelefu ya laibulale. Amayi a kuno akhala akuweruza amuna awo, apongozi awo ndi mafumu awo kuyambira kale, kudzera m'nyimbo za pamtondo, za kumunda ndi za pachinamwali. Mayi amene sangayankhe mwamuna wake pamaso amaimba akusinja, mudzi wonse n'kumva, mwamunayo n'kusowa pogwira chifukwa ndi nyimbo. Leroy Vail ndi Landeg White anafufuza nyimbo zotere m'chigwa cha Zambezi n'kuonetsa kuti anthu ankaimba zimene sakanatha kunena. Zigayo zachuluka tsopano, mitondo ikuchepa, ndipo nyimbozi zikupita ndi eni ake.

Zoyenera: Tengani foni yanu, pemphani chilolezo, jambulani agogo anu akuimba ndi kusimba nthano. Onani mmene mkazi amaonekera m'nthanomo: mtsikana wokana amuna onse amene anakwatiwa ndi chilombo, mayi wopeza wankhanza, nkhalamba ya kumtsinje yothandiza mwana waulemu. Funsani kuti nthano iliyonse inkaopseza yani ndipo inkateteza yani. Mukalemba monografia, dzina la agogowo lilembedwe ngati mwini mawu, iwo akavomera, ndipo mukamaliza mukawawerengere m'Chichewa zimene mwalemba. Chilankhulo chathu chinalowa kale m'kalasi: pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, Tete ndi Cinyanja ndi zimene zinasankhidwa pamodzi ndi Gaza ndi Xichangana.

Mukaima kutsogolo kwa ana

Zosayenera: Izi ndikuzinena ndi mtima wolemera. Musakhale mphunzitsi amene analemba bwino za Nnu Ego n'kukhoza ndi mamalikisi apamwamba, kenaka pa estágio, poyeserera kuphunzitsa, n'kumaitanira mtsikana wa m'kalasi mwake kunyumba kuti "adzatenge makope". Ndinagwirapo ntchito ndi munthu wotere pa sukulu ina. Ankayankhula Chingerezi chokoma ndipo pa 7 Epulo ndi amene ankapatsidwa mawu. Mtsikana wanzeru kwambiri m'kalasi mwanga anasiya sukulu ali ndi pathupi pake, iye n'kusamutsidwa kupita kwina. Ine ndinadziwa mochedwa, ndipo mpaka lero ndimakumbukira mpando umene mwanayo ankakhala. Mamalikisi sagulitsidwa, ndipo mwana wa sukulu si mkazi wa mphunzitsi, ngakhale makolo ake atavomera chifukwa cha umphawi.

Zoyenera: Dziwani malamulo ngati mmene mumadziwira magalamala. Kuyambira 2003, lamulo la unduna wa maphunziro lotchedwa Despacho 39 linkasamutsira atsikana apathupi ku makalasi a usiku. Kumudzi kopanda magetsi, kumene sukulu ili kutali, kumeneko kunali kuwachotsa sukulu. Linathetsedwa mu Disembala 2018, choncho mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wokhala m'kalasi masana pamodzi ndi anzake. Mu 2019 dziko linakhazikitsa lamulo nambala 19/2019 loletsa kukwatira kapena kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ngakhale akuluakulu okonza ukwatiwo. Kutsidya ku Malawi nakonso anasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti msinkhu ukhale womwewo, ndiye kuwolotsa mwana malire sikuyeretsa mlandu.

Pophunzitsa, musalole kuti ziganizo zonse za pa bolodi zikhale za mtsikana akuphika, mnyamata akuwerenga. Posankha wowerenga mokweza, werengani manja a mbali zonse. Ndipo nyengo yokolola mbatata kapena yosoka fodya ikafika, mukaona kuti mzere wachitatu wasowa mtsikana kwa sabata yathunthu, musangolemba chizindikiro m'kaundula. Funsani anzake kumene amakhala, Loweruka mubwereke njinga, mukapereke moni kwa amayi ake ndi kwa malume ake, mukhale pamphasa, mufunse kuti mwana ali kuti.